Kutsika Khwekhwelere ndi masipika

M'kalasi timaphunzitsa ana kuti chaka chili ndi nyengo zitatu: dzinja, chisanu ndi chilimwe. Koma aliyense wokhala kumudzi kuno ku Dedza amadziwa kuti pali nyengo yachinayi yomwe mulibe m'mabuku, nyengo ya maukwati. Imayamba chimanga chikalowa m'nkhokwe, anthu akagulitsa soya, nyemba ndi mbatata ya kachewere, ndipo imatha mitambo ya mvula yoyamba ikayamba kusonkhana mu November. M'miyezi imeneyi palibe Loweruka lomwe limadutsa osamva nthungululu kwinakwake, ndipo ife aphunzitsi sitipuma. Kumudzi mphunzitsi ndiye mlembi wa komiti ya ukwati, ndiye wowerenga ndalama, nthawi zinanso ndiye woyendetsa mwambo.

M'makomiti amenewa muli mkangano umodzi womwe sulephera kubuka: kodi tilipire DJ wodziwa ntchito yake, kapena tingobwereka sipika kwa mnyamata woonetsa vidiyo pamsika n'kuilumikiza ku foni? Akuluakulu amati ndalamayo ndi bwino igule mbuzi ina kapena thumba la mpunga, pakuti anthu sadya nyimbo. Mawuwa ndi omveka, makamaka masiku ano pamene ndalama ya kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya zinthu siidabwererenso pansi. Ine ndimaima mbali ya DJ, ndipo ndiloleni ndikutengeni paulendo umodzi kuti muone chomwe chimandiimika pamenepo.

Ukwatiwo udali wa mchemwali wake wa mphunzitsi mnzanga, m'mudzi wina kufupi ndi Golomoti. Ine adandiika pa tebulo la ndalama, ndipo poti ndimaidziwa njira, komiti idandipempha kuti ndikwere limodzi ndi DJ yemwe adamupeza pa boma la Dedza. Tidakumana m'bandakucha. Ngakhale udali mwezi wa October, m'munsi mwa phiri la Dedza, lomwe ndi lalitali mamita 2,198, kudali kukuzizirabe moti tonse tidavala majekete.

Chomwe chidandidabwitsa poyamba ndi kope. DJ uja, mnyamata wa zaka ngati zanga zomwe, adali ndi kope lachikuto cholimba, ndipo chilichonse chokwera pa kalole kathu amachichonga: masipika anayi, awiri a besi ndi awiri a mawu, ampulifaya, mikisa, laputopu, maiki zitatu, mipukutu ya mawaya, jenereta, zigubu ziwiri za petulo, lona ndi kabokosi ka zipangizo zokonzera. Petulo adagula masiku atatu m'mbuyo podziwa kuti kuno kwathu mafuta amatha kusowa tsiku lililonse. Nditamufunsa chifukwa chake adatenganso maiki ya waya pamene adali kale ndi ziwiri zopanda waya, adangoti, "Aphunzitsi, batire alibe chibale. Amatha pamene abusa akudalitsa chakudya."

Tidalowera kummwera pamsewu wa M1. Amene mudadutsapo mukudziwa kuti chigawo chimenechi msewu umayenda m'malire: kudzanja lamanja ndi Mozambique, kumanzere ndi Malawi. Tidadutsa mphambano ya ku Bembeke amayi akuyala kale kabichi, tomato ndi mbatata m'mbali mwa msewu, manja atawabisa m'zitenje chifukwa cha mphepo. Pa Masasa tidakhotera kumanzere, kusiya M1 ikupitirira ku Lizulu ndi ku Ntcheu, ndipo posakhalitsa tidayamba kutsika Khwekhwelere.

Msewu wa Khwekhwelere sutha kuuzolowera. Umakhotakhota ngati njoka yothawa moto, mbali ina phiri, mbali ina phompho, ndipo dalaivala wanzeru amatsika ndi giya yaing'ono m'malo modalira mabuleki. Pa ngodya zina chigwa chonse cha Bwanje chimatseguka pansi panu, ndipo kunja kukayera bwino nyanja ya Malawi imaoneka kutali ngati lata lowala. M'mbali mwa msewu muli anyamata osema timagalimoto ndi tinjinga ta mitengo, ntchito yaluso moti mawilo ake amazungulira. DJ adaimitsa galimoto kawiri kuti aone ngati zingwe zomangira katundu sizidakhwefuke. Kachiwiriko ndidamuseka kuti akuchita ngati wanyamula mazira. Iye adayankha kuti katundu ameneyu ndiye munda wake, ndipo sipika imodzi ikagwera kuphompho ndiye kuti banja lake lagona ndi njala miyezi ingapo.

Tisadafike pansi majekete adali atavulidwa kale. Mitengo ya paini ya kumtunda idatha, m'malo mwake mudayamba milambe, ndipo mphepo yolowa pawindo idali yotentha ngati yochokera m'ng'anjo. Mtunda wa pakati pa Masasa ndi Golomoti si wautali kwenikweni, koma munthu umamva ngati wasamukira dziko lina.

Golomoti ndi malo a mphambano. Apa pamadutsa msewu wa M5 wochokera ku Balaka kupita ku Salima, pafupi pomwepo pamayambira msewu wopita ku Monkey Bay, ndipo njanji ya sitima imadutsanso m'deralo. Kuyambira mu 2022 ku Golomoti kuli malo aakulu opangira magetsi a dzuwa, amphamvu yokwana mamegawati 20, omwe amalowa m'mawaya a dziko lonse. Koma titasiya tala n'kulowa kanjira kafumbi kopita kumudzi kwa mkwatibwi, mapolo a magetsi adatsala m'mbuyo. Umu ndi momwe zilili m'midzi yambiri: waya umathera pamsika, pachipatala kapena pasukulu. Ngakhale komwe waya udafika, tonse tikukumbukira momwe kudadera mu 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire. Choncho ntchito yoyamba ya DJ wakumudzi ndi kubwera ndi magetsi akeake. Yemwe wabwera ndi nyimbo zokha, akuyembekezera kuti mwininyumba ndiye apeze potchaja, sadayambe ntchitoyi.

Tidafika cha m'ma 8 koloko, mwambo wa kutchalitchi usadayambe. Pabwalo padali pomangidwa chisakasa cha udzu ndi matenti awiri, ndipo kuseri amayi adali pakati pa utsi, miphika ya mpunga wa ku sikimu ya Bwanje ili pamafuwa. Ine ndimaphunzitsa Physics, ndipo zomwe ndidaona m'maola awiri otsatirawo zidali phunziro lomwe ndikadakonda ana anga a Folomu 3 akadalionera.

Jenereta adaiika kutali kuseri kwa nkhokwe, mbali yomwe mphepo imalowera, kuti phokoso ndi utsi wake zisafike kwa anthu. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo koma umapha, n'chifukwa chake siyenera kulira m'nyumba kapena m'tenti. Waya wochokera kumeneko adaukwirira pang'ono m'nthaka kuti ana ndi ovina asapunthwe. Masipika a mawu adawakweza pamitengo yachitsulo kupitirira mitu ya anthu, chifukwa matupi a anthu amameza mawu, ndipo sipika ikakhala pansi amagonthetsedwa ndi okhala kutsogolo pamene akumbuyo sakumva kanthu. Adaonetsetsanso kuti masipika onse ali kutsogolo kwa malo oyankhulira. Sipika ikayang'anizana ndi maiki, mawu otuluka amalowanso m'maiki, n'kukuzidwa, n'kutulukanso, mpaka kumveka kulira kobaya m'makutu kuja komwe kumachititsa agogo kugwira mitu. Ampulifaya adaiika pamthunzi wa mtengo wa mango ndi kuikingira lona, podziwa kuti dzuwa la Golomoti mu October likhoza kuitenthetsa mpaka kuzima yokha.

Kenaka adachita chinthu china chomwe sindidachiganizire. Adathamangitsa mwaulemu ana omwe adaunjikana pakamwa pa masipika, n'kujambula mzere pansi ndi kamtengo kuti asaudutse. Akatswiri a zaumoyo amati phokoso lopitirira madesibelo 85 likamveka kwa maola ambiri limaononga makutu pang'onopang'ono, ndipo pafupi ndi sipika ya ukwati phokoso limaposa pamenepo kwambiri. Makutu akaonongeka mwanjira imeneyi sabwereranso. Tikamaona mwana atakhala pamwamba pa sipika tsiku lonse timaseka, koma mwana yemweyo ndi amene mawa adzalephere kumva mphunzitsi ali kutsogolo kwa kalasi ya ana 90.

Atatha kuyesa zida, DJ adatenga kope lake lija n'kukakhala pamphasa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Akuchikazi adali Angoni a dera la Inkosi Kachindamoto, akuchimuna adachokera kunyanja, mbali za Mangochi. Adafunsa maina a magulu onse oti adzaitanidwe, ndani ayambe ndipo ndani atsatire, mafumu omwe alipo ndi momwe amatchulidwira, mipingo ya mabanja awiriwo, komanso nyimbo zomwe makolo sakufuna kuzimva pabwalo pawo. Malume a mkwatibwi, omwe poyamba ankamuyang'ana mnyamatayu mokayika, ndidawamva akuti, "Mwanawe, ndiwe woyamba kundifunsa zimenezi. Enawo amangofika n'kuyatsa."

Tsopano ndifike pa nkhani ya ndalama, poti ndi pomwe pagona mkangano wonse. Perekaniperekani si masewera. Kwa banja latsopano ndiye poyambira moyo: ndalama zomwe zimagwera m'lichero masana amenewo ndi zomwe zimabweza ngongole za ukwati, kugula matiresi, kulipira nyumba kapena kugula feteleza wa munda woyamba. Alendo amabwera ndi ndalama zikuluzikulu, K2,000 kapena K5,000, n'kuzisinthitsa kwa ife apatebulo kuti zikhale ma K50, K100 ndi K200, kenaka amaziponya imodziimodzi akuvina. Munthu amaponya nyimbo ikamuyendetsa. Nyimbo ikaduka, dzanja limabwerera m'thumba. Ife okhala patebulo timaziona bwino kuposa wina aliyense, chifukwa mzere wa osinthitsa ndalama umatalika kapena kufupika malinga ndi zomwe zikutuluka m'masipika.

DJ ameneyu ankawerenga bwalo ngati momwe mlimi amawerengera mitambo. A MC ataitana makolo ndi anzawo amsinkhu wawo, adaika nyimbo zakale za Alleluya Band, gulu la ku Balaka lomwe lidayamba mu 1978, ndipo abambo omwe adakhala chikhalire kuyambira m'mawa adadzuka. Adatsatiza ndi za malemu Lucius Banda, yemwe adatisiya mu June 2024, ndipo panalibe yemwe adafunika kumukoka. Amayi amvano ndi a kwaya adawapatsa Ethel Kamwendo Banda. Akuchimuna atalowa m'bwalo adawaikira manganje, fumbi n'kubuka mpaka kutenti ya mafumu. Anyamata a kabaza adalandira Black Missionaries ndi Skeffa Chimoto, ndipo achinyamata adawasungira Driemo, Eli Njuchi ndi amapiano mpaka dzuwa litapendeka. Agogo ena aakazi atapempha Giddes Chalamanda, nyimbo idayamba iwo asadafike n'komwe pakati pa bwalo. Zonsezi zidali kale m'laputopu, osadalira netiweki yomwe kumeneko imabwera ndi kupita.

Luso lenileni lidali pa kudula. Akaona kuti manja a gulu lomwe lili m'bwalo ayamba kuuma, amatsitsa nyimbo pang'onopang'ono n'kupereka mpata kwa a MC kuti aitane gulu lina, osalola anthu kuima manyazi alibe choponya. Akaona kuti kuli mlamu wina yemwe thumba lake likadali lolemera, amaibwereza nyimboyo kuchokera pomwe imakoma. Pakati pa nyimbo ndi nyimbo padalibe kachete koposa kupuma kumodzi. Ankakumbutsanso anthu kuti ndalama aziponya m'lichero osati pansi, ndipo izi n'zomwe banki yaikulu ya Reserve yakhala ikupempha, poti ndalama zamapepala zimang'ambika msanga zikamapondedwa pamaukwati. Kwa achibale omwe ali ku Lilongwe ndi ku Joni, nambala za Airtel Money ndi TNM Mpamba zidalengezedwa momveka bwino kangapo, ndipo foni ya patebulo pathu idalira masana onse.

Ndikuyerekeza zimenezi ndi ukwati wina womwe ndidakhalanso patebulo, m'mudzi wina kumtunda kuno. Kumeneko komiti idasankha kusunga ndalama, ndipo nyimbo adazisiya m'manja mwa mphwake wa mkwati, ndi foni yake, sipika yobwereka ndi batire ya galimoto. Mnyamatayo adayesetsa ndithu, koma ntchito siidali yake. Pakati pa nyimbo ya makolo foni idalira, iye mwamantha n'kuiyankha, ndipo mudzi wonse udamva mayi wina akufunsa za ngongole ya banki mkhonde. Kenaka apongozi a mbali zonse ali m'bwalo, foni idadumphira yokha pa nyimbo ya mawu otukwana, ndipo amayi a mkwatibwi adafunda chitenje kumaso n'kukakhala pansi osadzukanso. Pofika 3 koloko batire idatha, magulu oposa theka asadaitanidwe. Anthu adadya mpunga ndi mbuzi yomwe idagulidwa ndi ndalama ya DJ ija, n'kubwerera kwawo ndalama zawo zili m'matumba. Banjalo lidayamba moyo ndi ngongole, ndipo mpaka lero pamudzipo nkhani ya ukwatiwo ikatchulidwa anthu amayamba ndi kuseka.

Tibwerere ku Golomoti. Pali anthu omwe amadandaula kuti masipika apha ng'oma ndi nyimbo za makolo pamaukwati athu, ndipo dandaulo limeneli si lachabe. Ndaonapo maDJ omwe salola mpata ngakhale wa nthungululu. Koma cha m'ma 2 koloko, amayi achingoni atalowa m'bwalo ndi msindo, gule yemwe amayi a mbali zino amavina pamaukwati, DJ uyu adazimitsa laputopu yake yekha popanda womuuza. Adatenga maiki imodzi n'kuipereka kwa mayi wotsogolera nyimbo, ina n'kuiika pafupi ndi ng'oma, iye n'kukhala pansi manja atapinda. Kwa theka la ola mawu a amayiwo adamveka mpaka kwa omwe adaima kumapeto kwa bwalo, ndipo atsikana omwe mwina sadaphunzirepo nyimbo zimenezi adayamba kuvomera. Ndidaona kuti chida chomwecho chomwe chimatha kukwirira mwambo chimathanso kuukweza, malinga ndi munthu yemwe wachigwira.

Chiyeso chachikulu chidabwera msindo utangotha. Bambo wina adafika pa njinga n'kukanong'oneza amfumu, ndipo nkhope zawo zidasintha. M'mudzi wa kutsidya kwa kamtsinje mudali mutagwa maliro a gogo wina. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa kulemera kwa nkhani yotere. Kusangalala mokweza anzanu akulira ndi chipongwe chomwe chimakumbukika zaka zambiri, komanso alendo adali atachokera kutali, chakudya chitapsa, perekaniperekani ili pakati. Amfumu adaitana ankhoswe ndi DJ pansi pa mtengo wa mango, ndipo ine ndidali pafupi.

"Mwanawe, kutsidyaku kwagwa zovuta," adatero amfumu. "Ukwati sitingauimitse, koma anzathu asamve ngati tikuwaseka."

"Ndamva, amfumu. Ndipatseni mphindi zisanu," adayankha DJ.

Adachotsa masipika awiri a besi, poti mawu akuluakulu otere ndi omwe amayenda mtunda wautali n'kumagunda m'zipupa za nyumba zakutali. Masipika awiri otsalawo adawatembenuza kuti ayang'ane kuphiri, kufulatira mudzi wa malirowo, n'kutsitsa mawu. Adapempha a MC kuti auze anthu asendere pafupi. Kenaka adatuma mmodzi mwa anyamata ake pa njinga kukaima pamtsinje ndi kumvetsera, ndipo mnyamatayo atabwera n'kunena kuti kukumvekabe pang'ono, adatsitsanso. A MC adalengeza za malirowo, anthu adaima chete kwa kanthawi, ndipo lichero limodzi lidazungulira la chipepeso, nyimbo yauzimu ikumveka pansipansi. Ankhoswe awiri adapita nalo kutsidya. Mwambo udapitirira mofatsa, ndipo palibe mbali yomwe idakhumudwa. Mnyamata wa foni ndi sipika yobwereka akadangodziwa ziwiri zokha, kuzimitsa kapena kupitiriza, ndipo zonse ziwirizi zikadasiya bala.

Pofika 5:30 madzulo DJ adaika nyimbo yotsiriza, monga momwe adagwirizanirana ndi komiti papepala. Achinyamata adamuzungulira kumupempha kuti apitirize mpaka usiku, ena akumuonetsa ndalama, koma iye adati mgwirizano wake ndi wa eni ukwati ndipo watha. Ngati mphunzitsi, ichi ndidachiyamikira kuposa china chilichonse. Madansi a usiku wonse omwe amatsatira maukwati ndi amodzi mwa malo omwe timatayirako ana athu. Lolemba amabwera m'kalasi maso ali ofiira, ena osabwera n'komwe, ndipo pakatha miyezi ingapo desiki ya mtsikana wina imakhala yopanda munthu. Dera lomwe tidali ndi lomwe Inkosi Theresa Kachindamoto adatchukira dziko lonse ndi kunja komwe chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Lamulo la maukwati la 2015, komanso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zidakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Koma lamulo silizimitsa jenereta. Amazimitsa ndi munthu yemwe amalemekeza nthawi yomwe adalonjeza.

Usiku umenewo tidawerenga ndalama ndi nyali ya sola, ankhoswe a mbali zonse akuonerera. Sinditchula kuchuluka kwake chifukwa ndi za eni, koma zomwe DJ adalipidwa zidali kagawo kochepa ka zomwe zidatuluka m'malichero, ndipo ngongole zonse za ukwati zidabwezedwa kusadache. Malume aja, omwe ndidamva kuti m'komiti ndiwo ankalimbikira za mbuzi, adatuma mwana kukapatsa DJ nkhuku yamoyo yoti apite nayo kwawo.

M'mawa mwake galimoto ya masipika idabwerera ku Dedza, koma ine ndidakwera minibasi yolowera ku Salima n'kutsikira pa mphambano ya ku Mua. Mishoni ya Mua idakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, ndipo pamalopo pali KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe omwe adayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, mitundu yomweyo yomwe idakumana pabwalo la dzulo lake. Poyenda m'zipindazo ndidaganiza za woimba ng'oma. Makolo athu sankapereka mbalule kwa aliyense wopezeka pafupi. Ankafuna katswiri, ngakhale wa mudzi wina, yemwe amaona mapazi a wovina n'kudziwa pokweza ndi podula, ndipo ankamufupa. Choncho kulipira munthu waluso kuti ayendetse gule si khalidwe lachilendo lochokera m'tauni. Zida ndi zomwe zasintha, koma udindo ndi womwewo.

Ndisanamize awerengi kuti aliyense wokhala ndi masipika aakulu ndi DJ. Alipo omwe amafika mochedwa, omwe amaledzera mwambo uli pakati, ndi omwe amalandira ndalama za maukwati awiri tsiku limodzi n'kutumiza mwana wosadziwa kanthu kumodzi. N'chifukwa chake makomiti ayenera kusankha ndi maso. Pitani mukamumvere kaye pa ukwati wina musadamupatse kalikonse, ndipo mufunse eni ukwatiwo momwe zidathera. Funsani ngati ali ndi jenereta yakeyake, ndipo mugwirizane kuti petulo ndi galimoto alipira ndani. Funsani chomwe adzachite maiki kapena ampulifaya ikafa. Funsaninso ngati ali ndi chiphaso cha COSOMA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze ntchito za oimba ndi alembi, poti oimba omwe timavina nyimbo zawo nawonso ali ndi ana owadyetsa. Zonse mulembe papepala: tsiku, malo, nthawi yofika, nthawi yotseka, mtengo, ndi ndalama yoyamba yomwe mwapereka. Ndalama yotsala muzipereka ntchito ikatha. Mupatseni mndandanda wa magulu ndi nyimbo zosafunika kudakali masiku, osati m'mawa wa tsikulo.

Kwa omwe thumba ndi lopereweradi, sindikunena kuti mugulitse feteleza kapena mulowe katapira chifukwa cha masipika. Kambiranani ndi DJ kuti abwere maola atatu okha a perekaniperekani, ndi zida zochepa, m'mawa n'kusiyira kwaya ndi ng'oma. Mabanja awiri a midzi yoyandikana, wina Loweruka wina Lamulungu, akhozanso kugawana mtengo wa galimoto. Paphwando laling'ono la pakhomo, monga kulandira mwana yemwe wakhoza mayeso, sipika ya foni ndi yokwana ndithu. Koma pamene pakumana mabanja awiri, mafumu, mipingo ndi anthu mazana, ndipo tsogolo la banja latsopano lili m'lichero, ntchitoyi ipatsidwe kwa mwini wake. Ophika timasankha odziwa, telala wa diresi timasankha wodziwa, ndiye tisalole kuti chinthu chomwe chimamveka kwa mlendo aliyense kuyambira m'mawa mpaka madzulo chigwiridwe mwamwayi.

Mawu otsiriza apite kwa ana anga omwe alemba mayeso a MSCE ndipo malo a ku yunivesite sadawapeze. Ena mwa inu mumakonda nyimbo ndipo mumaganiza kuti DJ ndi munthu wovala magalasi akuda wokuwa pa maiki. Yemwe ndidayenda naye ine amadziwa za magetsi, amasunga kope la ndalama, amadziwa kulonjera mfumu ndi kukhala pamphasa ndi ankhoswe, ndipo amalemba ntchito anyamata awiri. Ngati mukuifuna ntchitoyi, pezani woidziwa mumunyamulire mawaya chaka chimodzi, ndipo mabuku a Physics aja musawagulitse kwa ogulitsa mandasi.